Chingwe Chofika M'chiuno

"Alamu, kiyi wa galajayi ali kuti?"

Atelala sanatembenuke. Anapitiriza kutsuka makapu a anthu odzapepesa maliro, amene tsopano anali atayamba kuchepa poti amuna awo anali atagona m'manda masiku angapo. Kuseri kwa nyumba loko ankangomveka gwedegwede. Kenako kunamveka phi! ndi kutukwana kosayenera pakhomo pa anamfedwa.

Alamu awo, mng'ono wa malemu, wogulitsa masipeya a magalimoto, analowa m'khitchini akusasa fumbi m'mawondo. Munthu wake ndi uja wa mimba patsogolo, mafoni awiri m'manja, amene pa maliro analira mokweza kuposa onse maso ali kudenga kuona ngati malata ndi atsopano.

"Chingwe chausatana chija chandigwetsanso! Achimwene mutu unkayenda koma? Ndani amamanga chingwe choyanikira zovala munsi chonchija ngati msampha?"

"Muziyang'ana poyenda."

"Ndafunsa kiyi."

"Ndamva. Makutu ndili nawo."

Kunena zoona, chingwecho Atelala ankadana nacho kuposa alamu awowo. Chinkayambira pa chitseko cha khitchini, kutsika masitepe, kudutsa pa mpopi, kukhota pa galaja mpaka kukafika kugeti. Chinali chodzaza mfundo, ndipo kwa iwo, munthu wamfupi, chinkawafika m'chiuno ndendende. Ukayanikapo nsalu inkakhwekhwerezeka m'dothi. Tsiku lomwe amuna awo ankachimanga, anangokhalira kuwatsata Atelala pambuyo paliponse pabwalopo, mwamuna wamtali ngati mlongoti akuyenda timapazi ting'onoting'ono ngati mkwatibwi. Atawakalipira kuti, "Mukundilonda chiyani?" anangoyankha kuti, "Palibe." Atawafunsa za chingwe anati, "N'cha masokosi." Nkhani n'kuthera pomwepo. Anali otero bamboyo, mawu ngati amachita kugula.

Anthu ankawatchula kuti a Mapazi. Pakati pa sabata ankayenda khomo ndi khomo kuwerenga mamita a madzi, ndipo ngati kuti kuyenda kumeneko sikunkawakwana, Loweruka ndi Lamlungu ankathamanga. Osati kuthamanga kozungulira bwalo la mpira ayi. Yawo inali mipikisano ija ya anthu osamva, yonyamuka m'mawa n'kukafika mawa lake, kudutsa mapiri ndi zigwa, munthu n'kubwerako zikhadabo zakumapazi zitathothoka. Anthu ndi makampani ankalonjeza kangachepe pa kilomita iliyonse, ndipo zonse zinkapita ku kalabu ya othamanga aulumali. N'zomwe zinadzaza m'galajamo: njinga za mipikisano za mawilo atatu, miyendo yachitsulo yopindika yothamangira, nsapato, zisoti. Galaja imene Atelala analonjezedwa kuti idzakhala shopu yawo yosokera! Mpaka lero makina awo anali m'kakhonde ka m'nyumba, pomwe munthu wopita kubafa ankachita kudutsa chammbali.

"Tiyeni tilankhule ngati anthu akuluakulu," anatero alamu aja akukoka mpando osapatsidwa. "Katundu ali m'nyumba ya achimwene ndi wa achimwene. Ndapeza kale munthu wa shopu ya zamasewera, akuti atenga zonse. Inu muli ndi mawa loti muliganizire. Opunduka ajawo adya mokwanira thukuta la m'bale wanga."

"Mwapeza kale wogula? Dothi la pamanda lisanaume n'komwe?"

"Ndiye mukufuna muwapatse?"

"Sindipatsa iwo, sindipatsa inu. Zichite dzimbiri momwemo."

Anati aike kapu pambali pa sinki, koma kapuyo inapeza mphepo n'kugwa pansi phwaa! Alamu anapukusa mutu nati chisoni chimachotsa mphamvu m'manja. Atelala anawerama kutola zidutswazo akudziwa kuti sichinali chisoni. Maso awo anali kufa kuyambira m'mbali. Adokotala anawauza zaka zapitazo kuti mitsempha yake ikuuma pang'onopang'ono, ndipo mankhwala angochedwetsa, sangabweze. Tsopano dziko ankaliona ngati akusuzumira mu paipi. Wodziwa anali amuna awo okha, ndipo tsiku lomwelo potuluka m'chipatala anawaopseza: "Mukadzangouza munthu, kapena kundigwira mkono pamsewu ngati nkhalamba, ndidzalongedza." A Mapazi anati, "Chabwino." Ndipo sanaitchulenso nkhaniyo mpaka kufa.

M'malo mwake anapita kukadzimangirira kwa mkazi wina. Inde, kudzimangirira kwenikweni. Wothamanga wosaona amathamanga ndi womutsogolera, atalumikizana ndi kachingwe pa mkono, ndipo a Mapazi anakhala maso a Kaputeni wa kalabu ija. Atelala anapitako kamodzi kokha kukaonerera. Ataima m'mbali mwa msewu anamva mawu a amuna awo akubwera, akungoyenderera ngati wailesi: "Mwala kumanzere. Kweza phazi. Tikutsika tsopano, fupikitsa. Kumanja kuli ana akutibayibitsa, wina wavala nsapato za bambo ake." Mkazi uja n'kumaseka. Abale inu! Mwamuna amene kunyumba ankangoti "Ndapita" ndi "Ndabwera", pamsewu anali ndi mawu oti n'kudzaza thumba. Atelala anabwerera kunyumba mpikisano usanathe, ndipo chiyambire tsiku limenelo dzina la mkaziyo m'kamwa mwawo linali "uja wa chingwe".

Ndipo ndi uja wa chingwe yemweyo amene anali ndi a Mapazi Lamlungu lomwe anagwa n'kufera pamsewu wa kuphiri, akukonzekera mpikisano.

Kunja kunalira hutala. Atelala anasuzumira pawindo n'kuyendetsa mutu mpaka kapaipi ka maso awo kanapeza geti. Panaima minibasi, mkati muli mitu ya anthu. Munatsika mkazi wamtali, wowonda ngati bango, atavala magalasi akuda, ndodo yoyera ili m'manja. Atangolowa pageti anapinda ndodo ija n'kuiika m'khwapa. Dzanja lake linatsika, linapeza chingwe, ndipo anayamba kubwera molunjika, osapunthwa, kukhota pa galaja, kulambalala mpopi, ngati pakhomo pa amake.

Magazi a Atelala anawira. Anakamuchingamira pakhomo, chopukutira mbale chili paphewa.

"Wapazolowera pakhomo panga eti? Mpaka anakumangira njira!"

"Mwaswera bwanji, mayi," anatero Kaputeni ataima pansi pa masitepe. "Pepani ndi zovutazi. Ku maliro tinabwera, koma munatumiza uthenga woti tikhale kunja kwa mpanda, ndiye tinakhala kunja kwa mpanda."

"Ndipo lero wakuitana ndani?"

"Loweruka kuli mpikisano. Anzanga ali m'minibasimo alibe pokwera, njinga zawo zili m'galaja mwanu. Tabwera kudzapempha kiyi."

"Kudzapempha kapena kudzalanda?" analowerera alamu aja atatulukira kumbuyo kwa Atelala. "Mayi iwe, zinthu zimenezo zili ndi eni ake."

"Eni ake ndi amene ali m'minibasimo, bambo. Anthu ankapereka atamva kuti n'za ife."

"Mapazi ankatupa ndi a ndani? Ako?"

"Angawanso ankatupa. Mtunda womwe ankathamanga malemu, ine ndinali pambali pawo. Inu sindinakumveni mawu ngakhale pa malo amodzi omwera madzi."

Alamu anangoyamba kudinadina mafoni awo. Tsiku lina Atelala akanaseka. Koma lero chinthu chomwe chinkawadya mumtima chiyambire Lamlungu lija chinafuna potulukira.

"Iwe," anatero atatembenukira kwa Kaputeni, "unandiphera mwamuna. Akanakhala ndi munthu wamaso, akanaona kuti nkhope yasintha. Akanawauza kuti imani. Koma iwe unangoti kakaka pa mkono wawo ngati nkhupakupa, kumawakoka mpaka mtima kuphulika."

Kaputeni anavula magalasi ake n'kuwapukuta pa malaya pang'onopang'ono, ngati kuti akawala aonera.

"Mukufuna kudziwa mmene zinakhalira? Palibe anandifunsa, ndiye ndikuuzani. Ine ndinamva. Kupuma kwawo ndinkakudziwa kuposa kwanga. Ndinati, bambo, tiime. Anati, pano ayi, pali kona, magalimoto sationa. Anapitiriza kundiwerengera msewu mawu akuthawa: dzenje kumanja, tsika, udzu. Ananditulutsa mumsewu, anavula kachingwe pa mkono wawo, anatenga dzanja langa n'kuligwiritsa chipilala cha chikwangwani. Anati, usasiye chimenechi. Kenako ndinangomva akukhala pansi. Ndinasiya chipilalacho, ndinawapapasa, ndinakuwa mpaka lole inaima. Ndiye ngati kumeneko ndi kupha, chabwino, ndinawapha."

"Mpaka pomaliza, iwe," anatero Atelala. Misozi inali itayamba, ndipo inawakwiyitsa. "Mpaka mawu otsiriza anapita kwa iwe. Ine zaka zonsezi ndimadya 'ndapita' ndi 'ndabwera'. Choka pakhomo panga. Kiyi sumuona."

"Kumuona sindimuonadi."

"Usandiseleule!"

"Sindikuseleula, mayi, ndatopa." Kaputeni anakwera sitepe imodzi, ndipo ulemu wonse unali utamuthera. "Mukuyesa ndinu nokha muli ndi chakukhosi? Tsiku loyamba kubwera ku kalabu bambo ajawo sankadziwa n'komwe kuti wosaona amathamanga. Anabwera atavala yunifomu ya kuntchito, chipewa chili m'manja. Anati, ndiphunzitseni kuyenda ndi munthu wosaona popanda kumugwira. Tinati, bwanji osamugwira? Anati, mayi akunyumba maso akupita, koma ndi munthu woti ukamugwira mkono akhoza kukuluma."

Chopukutira mbale chinatsetsereka paphewa la Atelala n'kugwa.

"Anandigwetsa kangati poyamba? Mawondo angawa ndi zipsera zokhazokha. Ankachedwa kunena, ankasokoneza kumanja ndi kumanzere, munthu wosazolowera kulankhula. Ine ndinali pophunzirira, mayi. Ngati kansalu kaja mumayeserapo makina musanasoke diresi lenileni. Pambuyo pake anatikonda, inde, anatithamangira mpaka zikhadabo kutha, sindingawanamizire. Koma akanena bwino msewu, ankati, apa ndiye mayi akunyumba sangakalipe. Mukuganiza zinkandikomera?"

"Maso?" anatero alamu aja, mawu atasintha, atafewa ngati a munthu amene watola chikwama pamsewu. "Alamu, maso anu akuvuta? Ndiye osanena bwanji? Ndiye nyumba yonseyi muisamala bwanji nokha? Izi ndiye zofunika tikhale pansi a pabanja."

Manyazi ndi ukali zinawagwira Atelala pamodzi. Chinsinsi chomwe anachisunga ngati dzira chinali chitaswekera pabwalo, pamaso pa munthu womaliza amene akanafuna kuti achimve.

"Analonjeza," ananong'ona. "Analonjeza kuti sadzauza munthu."

"Anauza osaona okhaokha. Mwina anaona ngati sitikuwerengedwa." Kaputeni anagwedeza chingwe chija ndi zala ziwiri. "Ndipo ichi musandinamizire. Ine ndimalowa pageti n'kuthera pa galaja, kuno sindinafikeko n'kale lonse. Njira ndaiwerenga pa mfundozi: imodzi ndi sitepe, ziwiri ndi pokhota. Tinawaphunzitsa ndife. Koma si changa. Chili munsi, ndimachita kuwerama. Mfundo zake zimandipeza phazi litafika kale. Anayezera munthu wa miyendo ifupiifupi."

Alamu anali atalowa m'nyumba, ndipo anatulukanso atanyamula sizasi yaikulu ya Atelala, ija yodulira nsalu.

"Zachibwana basi," anatero akutsika masitepe. "Munthu wodwala maso amafuna abale, osati zingwe. Ndikutumizirani akazi anga adzakhale nanu, ife tiziona za pakhomo pano. Choyamba tichotse msampha uwu usanathyole munthu mwendo."

Anakoka chingwe n'kuchilowetsa pakamwa pa sizasi.

"Siyani."

"Alamu, ine ndikuthandiza..."

"Ndati siyani! Sizasi imeneyo sidula zingwe, ndipo dzanja limenelo silidula kanthu pakhomo pano. Achimwene anu ali moyo munkabwera kangati? Lero ndiye mwadziwa kuti ndili ndi maso? Ikani pansi. Tengani mafoni anuwo mukauze wa shopu wanuyo kuti katundu wapita ndi eni ake."

"Mudzandifuna."

"Ndikadzakufunani ndidzakuimbirani. Muli ndi mafoni awiri."

Alamu anaponya sizasi pa sitepe, anatola jekete lawo, napita akung'ung'udza za akazi osayamika. Pofika pa mpopi anakweza mwendo mokokomeza kudumpha chingwe chija, ngati akudumpha njoka.

Atelala anapisa dzanja m'khosi. Kiyi anali pa kansalu komwe anakamangirira pamodzi ndi tepi yoyezera, ndipo anagona naye pachifuwa masiku onsewa. Anamumasula. Sanamupereke m'manja, anamuponya, ndipo anagwera pa simenti ngwee! Kaputeni anapendeketsa mutu, anawerama kamodzi n'kumutola pomwepo.

"Tulutsani zonse," anatero Atelala. "Ngakhale kamsomali. Galajayo ndikuifuna."

"Zikomo."

"Usandithokoze. Sindinakukhululukire."

"Inenso sindinapemphe." Kaputeni anabwezera magalasi kumaso. "Kalabu imakumana Lachitatu madzulo. Sikuti onse amathamanga. Ena amangobwera kudzaphunzira kuthira tiyi osadziwotcha."

"Ndani wakuuza kuti ndikufuna?"

"Palibe. Chaona mnzako chapita, mayi. Ine changa chinandipeza ndili pasukulu."

Anatembenuka, nagwira chingwe mowerama pang'ono, n'kumapita ku galaja akuitana anzake. Atelala analowa m'nyumba n'kutseka chitseko mwamphamvu. Anakhala pa makina awo m'kakhonde muja osasoka kanthu, akumva zitsulo zikugundana, mawilo akulira pa simenti, wina akuseka n'kudzudzulidwa. Anawakwiyira onse. Anamukwiyira mkazi wamtali uja chifukwa cha pakamwa pake. Koposa onse anawakwiyira a Mapazi, munthu wopusa, wouma mutu, woti mawu onse aja anakawathira pamsewu pomwe akanangokhala pa mpando uwu n'kunena kuti, mayi, ndikuopa nawo. Koma akanawalola kodi? Akanawaluma. Zimenezo ankazidziwa.

Minibasi italira n'kupita, pabwalo panatsala bata. Dzuwa linali likadalipo. Atelala anatuluka kukatola sizasi yawo, ndipo ataima pakhomo la khitchini anaona kuti geti lasiyidwa pululu. Anatukwana pang'ono. Anayang'ana uku ndi uku, kuyendetsa mutu wonse monga ankachitira masiku ano, kuti atsimikize kuti palibe akuwaona.

Kenako anatsinzina.

Dzanja silinafunefune. Anangolitsitsa, chingwe chinali pomwepo, m'chiuno. Anasuntha phazi. Mfundo imodzi inalowa m'chikhatho, ndipo phazi lotsatira linapeza m'mphepete mwa sitepe. Anatsika. Mfundo ina, sitepe ina. Pansi. Anayenda mayendedwe awo a masiku onse, osafupikitsa, osatalikitsa, ndipo mfundo ziwiri zinafika nthawi yake, mpopi n'kuwadutsa kumanzere akuumva kudontha. Palibe mfundo inachedwa, palibe inafulumira. Apo m'pamene anamuona bwinobwino, maso ali chitsinzinire: mwamuna wamtali uja ali pambuyo pawo, akuponda momwe iwo aponda, timapazi ting'onoting'ono, milomo ikuyenda osatulutsa mawu.

"Mukundilonda chiyani?" anafunsa motsitsa, pabwalo popanda munthu.

Anaima pang'ono chingwe chili m'manja. Kenako anapitiriza mpaka kugeti, nakalitseka osatsegula maso.